Lipoti la wodwala: mmene kusowa kwa insulin kunachititsira chiwindi kudya minofu ya wakabaza

Ndine kiliniko ofesa pa chipatala china mumzinda wa Mzuzu, ndipo lipotili ndalembera anzanga amene timaona odwala shuga tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi ophunzira amene amabwera kudzazolowera ntchito m'mawodi mwathu. Wodwalayo anavomera kuti nkhani yake ilembedwe, ndipo ndachotsamo dzina lake ndi zonse zimene zikanachititsa kuti adziwike. Matenda ake sanali achilendo kwa aliyense amene wagwirapo ntchito m'wodi ya amuna. Ndalemba chifukwa chakuti zotsatira zitatu za ku labu, urea (zinyalala za mapuloteni zimene impso zimataya), albumin (puloteni ya m'magazi yopangidwa m'chiwindi) ndi ALT (enzyme imene imakwera m'magazi chiwindi chikavulala), ndinaziwerenga molakwika tsiku loyamba, chilichonse pachokha, pamene zonse zinkanena nkhani imodzi ya zimene chiwindi chimachita ndi ma amino asidi, tizidutswa tomangira mapuloteni, insulin ikasowa m'thupi.

Mmene anafikira

Anali mnyamata wa zaka 24 wochokera m'chigawo chapakati, amene ankakhala ndi achemwali ake mumzinda muno ndipo ankapeza ndalama popalasa kabaza, njinga zonyamula anthu zimene kuno timazitchanso Sacramento. Anamubweretsa m'mawa wina wa mwezi wa June, kunja kuli nkhungu ndi mvula yamawawa, atamufunditsa bulangete, atasanza masiku awiri ndipo akudandaula m'mimba. Achemwali akewo, amene anali gadiyani wake, anafotokoza kuti kwa miyezi itatu mnyamatayo ankamva ludzu losatha, ankadzuka kasanu kapena kuposerapo usiku kukataya madzi, ndipo nyerere zinkaunjikana pamene wakodza. Njala nayo inali yosaneneka. Ankamaliza mitanda inayi ya nsima n'kufunsanso ina, ndipo pofuna kupha ludzu ankamwa Sobo ndi thobwa lothira shuga pa siteji podikira makasitomala.

Mwiniwake atayamba kulankhula bwino anandiuza kuti chimene chinayamba kumudabwitsa ndi miyendo. Mzuzu ndi wa zitunda, ndipo iye ankakwera chitunda atanyamula munthu ndi thumba la ufa popanda kutsika. Pofika mwezi wachiwiri anayamba kupempha makasitomala kuti atsike iye akankhe njinga, mapeto ake anangoiimika m'nyumba. Anapita kawiri ku kachipatala kena kolipira kumene anamupatsa mankhwala a malungo ndi mapiritsi a mavitamini, osamuyeza shuga. Oyandikana nawo anali atayamba kale kunong'onezana za kachilombo, moti anakayezetsa magazi kawiri mwa yekha, ndipo maulendo onse awiri anapezeka kuti alibe HIV. Sankamwa mowa, sankasuta, sanamwepo mankhwala azitsamba, ndipo kubanja kwawo kunalibe wodziwika kuti ali ndi shuga.

Buku lake la kuchipatala linkasonyeza kuti chaka chapitacho ankalemera makilogalamu 62. Pa sikelo yathu analemera 49, ndi msinkhu wa mamita 1.70, kutanthauza BMI (kulemera poyerekeza ndi msinkhu) ya 17, imene ndi ya munthu woonda mopitirira. Pomuvula ndinaona kuti lamba wake anali ndi mabowo atatu atsopano oboola ndi msomali. Ntchafu, zimene mwa wakabaza zimakhala zolimba gwa, zinali zitafota, khungu likulendewera pamwamba pa mawondo, ndipo matako ndi mapewa zinali chimodzimodzi. Lilime linali louma, maso atalowa m'kati, mtima ukugunda ka 118 pa mphindi, BP ili 96/60, ndipo ankapuma mozama ka 28 pa mphindi, mpweya wake ukumveka fungo la zipatso zoyamba kuvunda. Maso sanali achikasu, chiwindi sichinali chotupa, mapazi sanali otupa, ndipo thupi silinali lotentha.

Kachipangizo koyezera shuga pachala kanangolemba kuti HI, kutanthauza kuti shuga wakwera kuposa mmene kangayezere. Labu inapeza 540 mg/dL, amene ndi 30 mmol/L, pamene bungwe la WHO limati 200 mg/dL mwa munthu wa zizindikiro zotere ndi wokwanira kunena kuti ali ndi matenda a shuga. Mkodzo unali ndi shuga wambiri ndi maketoni 3+ (asidi amene thupi limapanga likamatentha mafuta m'malo mwa shuga), wopanda puloteni. Potaziyamu anali 5.1 mmol/L ndipo creatinine, imene imasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, inali 108 µmol/L. Malungo, HIV, hepatitis B ndi makhololo oyeza TB pa makina a GeneXpert zonse zinatuluka zopanda kanthu. Urea inali 16 mmol/L pamene malire ake ndi cha m'ma 7.8, ALT inali 68 U/L pamene timayembekezera yosaposa 40, ndipo albumin inali 31 g/L pamene yabwino imayambira pa 35. Tinalemba kuti ndi diabetic ketoacidosis, kuchuluka kwa maketoni m'magazi chifukwa chosowa insulin, mwa munthu amene wangodziwika kumene kuti ali ndi shuga, ndipo msinkhu wake, kuwonda ndi maketoni zinkaloza ku shuga wa mtundu woyamba.

Tinamuika diripi ya normal saline, lita imodzi ola loyamba ndi malita ena anayi tsikulo lisanathe. Popeza tinalibe makina operekera insulin pang'onopang'ono mumtsempha, tinkamubaya insulin yogwira ntchito msanga ya soluble mayunitsi 5 mumnofu ola lililonse, amene ndi 0.1 pa kilogalamu. Atayamba kukodza tinawonjezera potassium chloride m'diripi, komabe potaziyamu anatsika mpaka 3.5 usiku woyamba asanakwerenso. Shuga atafika 250 mg/dL tinasinthira ku diripi ya shuga ya dextrose ya 5% osasiya insulin, popeza maketoni anali asanathe. Patatha maola pafupifupi 30 mkodzo unayera, anayamba kudya, ndipo tinamuika pa insulin yokhalitsa ya lente pamodzi ndi soluble kawiri pa tsiku, mayunitsi 28 onse pamodzi, magawo awiri mwa atatu m'mawa.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Nditaona urea ya 16 ndinalemba mu fayilo kuti impso zavulala, ndipo ndinauza achemwali ake kuti asamubweretsere nyemba, nsomba kapena mazira. ALT ndi albumin zinandiganizitsa za matenda a chiwindi, n'kulamula kuti akajambulidwe. Mayiwo anali atauzidwa kale ndi magadiyani anzawo kuti wa shuga sadya nsima yoyera, mpunga, mbatata kapena nthochi, choncho mawu anga anawasiyira masamba okha. Tsiku lachitatu ndinapeza pa loka kambale ka mpiru wowiritsa wopanda mafuta ndi mtanda umodzi wa mgaiwa, chakudya cha munthu amene anali atataya makilogalamu 13.

“Adokotala,” anatero achemwaliwo, “mchimwene wangayu miyezi yonseyi amadya kuposa tonse m'nyumba koma akungotha. Chakudya chonse chija chinkapita kuti? Nanga lero mukuti asadyenso ndiwo, adzadzuka ndi chiyani?”

Funso limenelo linandibweza ku fayilo. Tsikulo creatinine inali itatsika kufika 64, mkodzo ukutuluka wambiri ndiponso wopanda puloteni, koma urea inali ikadali 9.6 ngakhale thupi linali litabwerera madzi. Albumin inali itatsikiranso pa 28. Chithunzi cha chiwindi ndi impso chinali chabwinobwino.

Zimene zinkachitika m'chiwindi

Mapuloteni a m'thupi amamangidwa ndi ma amino asidi a mitundu 20, ndipo 9 mwa iyo thupi silingapange lokha, liyenera kuipeza m'chakudya. Thupi lili ndi nkhokwe ya mafuta komanso kankhokwe ka shuga kotchedwa glycogen, koma nkhokwe yapadera ya ma amino asidi lilibe. Likawafuna limakatapa ku minofu yomwe ija timayendera. Tsiku lililonse minofu imaphwasulidwa pang'ono n'kumangidwanso, ndipo insulin ndi imene imaletsa kuti kuphwasulako kusapitirire muyeso. Insulin imachokera ku kapamba, ndipo apa ndikunena chiwalo chimene madokotala timachitcha pancreas, osati kapamba uja amatupa ndi malungo. Ikatuluka imalowa mumtsempha waukulu wa portal umene umathira m'chiwindi, moti chiwindi ndicho chimayamba kuilandira ndipo chimagwira pafupifupi theka lake isanafike kwina kulikonse. Uthenga wake ku chiwindi ndi wakuti munthu wadya, chileke kupanga shuga ndipo chimange mapuloteni. Homoni inzake yochokera ku kapamba komweko, glucagon, imabweretsa uthenga wa njala.

Insulin ikasowa, glucagon imakwera popanda woiletsa, ndipo munthu akafika pa ketoacidosis, mahomoni a cortisol ndi adrenaline amasonkhezera moto womwewo. Chiwindi chimachita zinthu ngati kwagwa chilala ngakhale magazi adzaza shuga. Minofu imaphwasuka n'kutulutsa ma amino asidi, makamaka alanine ndi glutamine. Alanine ikafika m'chiwindi, enzyme ya ALT, yomwe ija timayeza ku labu, imaichotsa nayitulojeni n'kutsala pyruvate, ndipo pyruvate imasandutsidwa shuga. Mwa munthu wathanzi umenewu ndi mzungulire wabwino, umene Philip Felig ndi anzake anaufotokoza cha m'ma 1970, chifukwa shuga wopangidwayo amabwerera kukagwira ntchito ku minofu. Mwa wodwala wathu mzungulirewo unali utaduka, popeza minofu siyamwa shuga mokwanira popanda insulin, ndipo shuga akaposa cha m'ma 180 mg/dL impso zimayamba kumutayira mumkodzo atakoka madzi ambiri. Mu 1972, John Wahren, Felig ndi anzawo, poyeza magazi otuluka m'chiwindi, anapeza kuti mwa odwala shuga chiwindi chimakoka alanine ndi ma amino asidi ena opangira shuga kuwirikiza kamodzi ndi theka mpaka kawiri poyerekeza ndi anthu opanda matendawa.

Nayitulojeni wochotsedwa uja sangasiyidwe choncho, chifukwa amasanduka amoniya amene ndi poizoni ku ubongo. Chiwindi chimamumanga kukhala urea kudzera mu njira imene Hans Krebs ndi Kurt Henseleit anaitulukira mu 1932, ndipo glucagon imachulukitsa ma enzyme a njira imeneyi. Ndi urea yomwe ija timaidziwa m'thumba la feteleza wobereketsa, amene 46% yake ndi nayitulojeni. Pophunzitsa ndimakonda kuwerengera motere. Mnofu ndi madzi pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ndipo puloteni ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu, choncho theka la kilogalamu ya mnofu wa pantchafu lili ndi magalamu 100 a puloteni. Chiwindi chikawaphwasula chimapeza shuga wosakwana magalamu 60, amene ndi masupuni a tiyi pafupifupi 15, ndi magalamu 16 a nayitulojeni amene amatuluka ngati magalamu pafupifupi 34 a urea. Mnofu umene mnyamatayu anaukuza kwa zaka pa zitunda za mumzinda muno unkasinthanitsidwa ndi shuga wothira m'makapu ochepa a tiyi, shuga wakenso n'kukathera kuchimbudzi. Si makilogalamu onse 13 amene anali mnofu, ena anali madzi ndi mafuta, koma ntchafu zinkachitira umboni kuti gawo la mnofu linali lalikulu.

Pali ma amino asidi atatu amene amayenda njira yawoyawo, leucine, isoleucine ndi valine. Chiwindi chili ndi enzyme yochepa kwambiri yoyambira kuwaphwanya, choncho amangodutsa n'kukaphwanyidwira ku minofu. Insulin ikasowa amaunjikana m'magazi pamene alanine ikutsika chifukwa chokokedwa ndi chiwindi. Leucine, pamodzi ndi lysine, sizingasanduke shuga, zimathera ku maketoni, ngakhale kuti maketoni ambiri amachokera ku mafuta. Labu yathu siyeza ma amino asidi, ndipo mwa wodwalayu sitinawayeze, koma mapazi awo tinawaona pa sikelo, pa tepi yoyezera ntchafu, pa urea ndi pa albumin.

Mwa odwala ambiri amene timawaona ku kiliniki ya shuga, aja a mtundu wachiwiri onenepa, nkhaniyi imayenda mwakachetechete. Insulin amakhala nayo yokwanira kuteteza minofu kwa zaka, koma chiwindi chawo, chimene nthawi zambiri chimakhala ndi mafuta, sichiimvera ndipo chimapitiriza kupanga shuga usiku wonse. Chiwindi chamafuta chimachedwanso kuphwanya ma amino asidi, ndipo akachuluka m'magazi amauza kapamba kuti atulutse glucagon yambiri, imene imakwezanso shuga. Kafukufuku wa ku Framingham ku America wofalitsidwa mu 2011 anasonyeza kuti kukwera kwa leucine, isoleucine, valine, tyrosine ndi phenylalanine kunkaoneka zaka zambiri munthu asanapezeke ndi shuga. Metformin, mapiritsi a shuga, imathandiza anthu amenewa makamaka pochepetsa shuga wopangidwa m'chiwindi, koma kwa mnyamata wathu ikanakhala yopanda ntchito, chifukwa singalowe m'malo mwa insulin imene kulibe.

Ndikawerenganso zotsatira zitatu zija ndi maso amenewa, zimagwirizana. Urea ya tsiku loyamba inakwera pa zifukwa ziwiri. Chachikulu chinali kuuma kwa thupi, kumene kumachititsa impso kubweza urea m'magazi, ndipo sindikukana kuti impso zinapanikizika, popeza creatinine ya 108 mwa munthu wotha minofu chonchi si yabwinobwino ngakhale ili m'malire a papepala. Koma madzi atabwerera creatinine inatsika msanga pamene urea inatsalira m'mbuyo mpaka tsiku la 7 pamene inafika 5.4. Sankachita chimbudzi chakuda ndipo sanamwe ma steroid. Ine ndikuona kuti urea yotsalayo inali yopangidwa ndi chiwindi chimene chinali chisanaleke kuphwanya ma amino asidi. Albumin imapangidwa m'chiwindi mokha, magalamu 10 mpaka 15 pa tsiku, ndipo theka lake limatha pa masiku pafupifupi 20. Insulin ikasowa kapangidwe kake kamatsika, ndipo kudwala kwakukulu kumaitsitsanso. Ya 31 inali yobisika ndi kuuma kwa magazi, yeniyeni inali 28 ija. ALT ya 68 mwa munthu wopanda chikasu, wopanda hepatitis B, wosamwa mowa ndiponso wa chithunzi chabwino inkangofunika kuibwereza pakapita masabata. Chimene ndinkayang'anira ndi kutupa kwa chiwindi chodzaza glycogen, kumene Pierre Mauriac anakufotokoza mu 1930 mwa ana a shuga wosalongosoka, koma sikunachitike.

Chakudya ndi zotsatira

Ndinafufuta lamulo langa mu fayilo n'kuitana gadiyani. “Achemwali,” ndinatero, “dzana ndinakuuzani zolakwika, mundikhululukire. Impso za achimwenewa zili bwino. Thupi lawo limadzidya lokha chifukwa chosowa insulin, ndiye tsopano pamene jakisoni wayamba, akufunika ndiwo zomanga thupi pa chakudya chilichonse.” Insulin isanapezeke ku Toronto mu 1921, odwala otere ankawathandiza powamana chakudya, ndipo ankatalikitsa moyo pang'ono n'kufabe atatsala mafupa okhaokha. Kambale ka mpiru kaja kanali kubwerera ku nthawi imeneyo pamene mankhwala tili nawo m'manja, ndipo zimandipweteka kuti mawu anga anathandizira.

Tinagwirizana kuti azidya katatu pa tsiku pa nthawi zokhazikika, ndi kachakudya kochepa pakati komanso asanagone. Tinkafuna magalamu 60 mpaka 75 a puloteni pa tsiku, kuchokera ku zimene banjalo likanakwanitsa: usipa wa ku Nkhata Bay umene susowa pamsika, nyemba, soya, dzira likapezeka, ndi masamba otendera. Nsima ya mgaiwa mitanda iwiri sitinailetse. Chimanga chili ndi lysine ndi tryptophan zochepa, pamene nyemba zili ndi lysine yambiri, n'chifukwa chake nsima ya nyemba imamanga thupi kuposa chilichonse pachokha. Ndinawachenjeza kuti kondowole, amene anamuzolowera kuno, ali ndi puloteni yochepa kwambiri, choncho tsiku la kondowole ndiwo zichuluke. Sobo ndi thobwa lothira shuga tinaletsa. Ndinatsindikanso kuti nsomba ndi nyemba popanda jakisoni zidzangopita ku chiwindi kukasanduka shuga ndi urea monga zinachitikira ndi ntchafu zake.

Anatuluka tsiku la 8 atadziwa kudzibaya yekha, ndipo popeza kunyumba kulibe firiji tinamuphunzitsa kusunga botolo la insulin mumtsuko woika pa mchenga wonyowa. Sabata yachiwiri anabweranso mwamantha, mapazi atatupa mpaka mu akakolo, achemwali ake akugwetsa misozi chifukwa kwathu kuno munthu wowonda akayamba kutupa anthu amati kwatha. Mtima, mapapo ndi mkodzo zinali bwino. Insulin imachititsa impso kusunga mchere ndi madzi, ndipo albumin ikakhala yochepa madziwo amathawira m'mapazi. Sitinapereke furosemide, mankhwala okodzetsa. Tinangochepetsa mchere m'ndiwo, ndipo patatha masabata atatu kutupako kunatha.

Pa sabata ya 6 ALT inali 31. Pa miyezi itatu analemera makilogalamu 56, albumin ili 38, ndipo ntchafu imene tinaiyeza masentimita 38 m'wodi inali itafika 43. Apa ndi pamene anabwerera pa njinga, ndipo sabata yoyamba yomweyo anayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta lozizira ali pakati pa chitunda, shuga ali 52 mg/dL atafika kwa ife. Chiwindi chimene kale chinkapanga shuga mosaletseka tsopano chinali chomangidwa ndi insulin ya jakisoni, imene sitsika yokha munthu akayamba kupalasa monga imachitira ya m'thupi. Tinachepetsa mayunitsi 4 a m'mawa pa masiku a ntchito, tinamuuza kuti azidya kanthu cha m'ma 10 koloko ndiponso aziyenda ndi shuga m'thumba. Ndinamuchenjezanso za mowa, umene umatsekereza chiwindi kupanga shuga, popeza pa siteji oitanira sasowa.

Pa miyezi 6 analemera makilogalamu 59, HbA1c, muyeso wa shuga wa miyezi pafupifupi itatu yapitayo, ili 8.1%, akubaya mayunitsi 34 pa tsiku. Alipo odwala ena a kuno ku Africa amene amayamba ndi ketoacidosis koma patapita miyezi amatha kusiya insulin, n'chifukwa chake timaunika mlingo wake ulendo uliwonse, koma wa iyeyu sunatsike ndipo tikumusamalira ngati wa mtundu woyamba. Anthu wayambiranso kunyamula, koma matumba a ufa ndi makala ndamupempha kuti adikire kaye mpaka ntchafu zifike pomwe zinali. Adzabweranso pakatha miyezi itatu kudzayezedwa HbA1c, urea, creatinine ndi malo amene amadzibaya pamimba.